Mtendere wa Dziko Lonse ndi Milandu ya Pakhomo

Usiku wa pa 31 Disembala anthu ambiri opemphera amachita zinthu ziwiri zimene kawirikawiri saziona kuti n'zolumikizana. Munthu amacheukira m'mbuyo n'kuyamba kuwerengetsa zimene chaka chamubweretsera ndi zimene iye wachita nacho, ndipo kenako, mapemphero akamayandikira kumapeto, wotsogolera amapempha mpingo kuti ukumbukire mayiko amene muli nkhondo, onse n'kuvomera Ameni mokweza. Chinthu choyambacho chimatengedwa ngati cha munthu payekha, chaching'ono ndi chobisika mumtima, pamene chachiwiricho n'chachikulu kwambiri moti chimakuta anthu onse popanda kugwira aliyense pa mkono. Kulekanitsa kumeneku n'kumene kumafooketsa zonse ziwiri. Pemphero lopempherera mtendere wa dziko lonse lapansi ndi losavuta kulinena, chifukwa silitchula dzina la munthu ndipo silimutuma wopempherayo pakhomo pa wina aliyense. Limayamba kulemera pokhapokha likadutsa m'kudzisanthula, kumene kumamukumbutsa munthu kuti nayenso ali ndi anthu amene sakupalana nawo moto. Nakonso kudzisanthula, kukapanda kufika pa anthu ena, kumangosanduka kuwerenga zimene munthu akusowa.

Ku Malawi, monganso kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete, Nyuwere imafika pa nyengo imene chilengedwe sichikusonyeza chiyambi chilichonse. Mvula imakhala ili mkati, chimanga chikufika m'mawondo, alimi ali pa kalikiliki wopalira ndi kubandira, ndipo m'makomo ambiri chakudya cha zokolola zapita chimakhala chikutha kapena chinatha kale. Chaka cha mlimi chimayamba ndi mvula yodzalira n'kutha ndi kututa, kotero tsiku la 1 Januwale limagwa pakati pa ntchito yosamalizidwa. Tsikuli linachokera ku Roma wakale, kumene kuyambira m'chaka cha 153 Khristu asanabadwe akuluakulu awiri osankhidwa kuti alamulire boma kwa chaka chimodzi ankayamba ntchito pa tsikulo. Kalendala imene mayiko ambiri akutsatira lero inakonzedwa molamulidwa ndi Papa Gregory XIII mu 1582, England inapitiriza kuwerenga chaka chake kuyambira pa 25 Malichi mpaka mu 1752, ndipo Ethiopia mpaka pano imalowa chaka mu Sepitembala. Malire a chaka, choncho, ndi pangano la anthu, koma pangano lotere lili ndi phindu lake: anthu ochuluka amaima nthawi imodzi, motero munthu amene wakhala akuzengereza kukapepesa amapeza kuti mnzakeyo nayenso ali m'masiku ofewa mtima, ndipo palibe amene angadabwe ndi ulendo wotero.

Mwambo wochezera m'tchalitchi kudikira chaka unayamba ndi cholinga chodzisanthula. Akhristu a mpingo wa Moravian ku Herrnhut, m'dziko la Germany, ankachita zimenezi m'zaka za m'ma 1730, ndipo John Wesley, amene anayambitsa gulu la Methodist ku England, anautenga mwambo wochezera usikuwo n'kuupereka kwa anthu ake, ena mwa iwo okumba malasha amene kale ankathera usiku ku mowa. Mu 1755 Wesley anachititsa ku London mapemphero okonzanso pangano, amene pambuyo pake anakhazikika kumayambiriro a chaka, ndipo m'mapempherowo munthu ankadzipereka kwa Mulungu osaika malire a zimene angalandire, zokoma kaya zowawa. Usiku wa pa 31 Disembala 1862 anthu akuda ku America, akapolo ndi mfulu omwe, anasonkhana m'nyumba zopempherera kudikira chilengezo cha Abraham Lincoln chomasula akapolo a m'madera opanduka, chimene chinayamba kugwira ntchito m'mawa mwake nkhondo yapachiweniweni ili mkati. Kwa anthu amenewo pemphero la munthu payekha ndi tsogolo la dziko zinali chinthu chimodzi.

Masiku ano mapemphero a usiku umenewu, amene m'matauni ambiri amatchedwa crossover, amadzaza matchalitchi, maholo ndi mabwalo a mpira. Anthu amabwera ndi zopempha zawo, ena atazilemba pa pepala: ntchito, fizi ya ana, banja, mwana, machiritso, ulendo wa ku South Africa. Palibe cholakwika ndi zopempha zimenezi, ndipo mayi amene sakudziwa kumene ichokere fizi ya teremu yachiwiri ali ndi ufulu wonse wolirira kwa Mlengi wake. Wokhuta amene angamuseke sanaimve njala ya mu Januwale. Chodetsa nkhawa chili kwina. M'mapemphero ambiri a usikuwu mdani amatchulidwa kwambiri kuposa tchimo la wopempherayo, zolephera zonse za chaka zimakankhiridwa kwa munthu wina amene akuti anatseka njira, ndipo mpingo umaitanitsa moto kuti umugwere. Mdani ameneyu sakhala wa kutali. M'maganizo mwa wopempherayo amakhala ndi nkhope, ndipo kawirikawiri ndi nkhope ya azakhali, ya apongozi, ya mnzake wa kuntchito kapena ya gogo wa kumudzi. Pakangopita mphindi zochepa, pakamwa pomwepo pamatuluka pemphero lofunira mtendere anthu a ku Sudan.

Zimenezi sizikanaopsa kwambiri zikanakhala kuti zimathera m'mawu. Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, anthu anayi okalamba anaphedwa ndi anthu a m'dera lawo lomwe powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina, ndipo mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu angapo m'maboma a kummwera monga Mulanje ndi Phalombe. Lamulo lokhudza ufiti la 1911 limati kumuloza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, komabe chaka chilichonse nkhalamba zimamenyedwa, kugwetseredwa nyumba ndi kupirikitsidwa m'midzi imene zinabadwira. Sikungakhale chilungamo kusenzetsa mipingo mlandu wonsewu, popeza mizu yake ili mu umphawi, m'matenda osafotokozedwa bwino ndi m'mikangano ya malo. Koma chizolowezi cha mtima chimene nthawi zonse chimafunafuna gwero la tsoka mwa munthu wina, osadzifunsa konse, n'chimodzimodzi kaya chikuonekera m'pemphero, pa maliro kapena pa msonkhano wa ndale, ndipo nkhondo zikuluzikulu zimakula kuchokera pa chizolowezi chomwechi pamene atsogoleri apeza njira yochidyera masuku pamutu.

Kudzisanthula, monga mmene zipembedzo zakhala zikukuphunzitsira kuyambira kale, n'kosiyana ndi kulemba zolinga za chaka. Zolinga zimayang'ana kutsogolo ndipo zimafotokoza munthu amene mwini wake akufuna kudzakhala, pamene kudzisanthula kumabwerera ku zimene zachitika kale n'kufunsa kuti munthuyo wakhala wotani. Ignatius wa ku Loyola, amene anayambitsa chipani cha ansembe a Jesuit ndipo anamwalira mu 1556, anasiya njira yachidule yochitira zimenezi tsiku ndi tsiku: kuyamba ndi kuthokoza, kupempha kuunikiridwa, kuyendera tsiku lonse ola ndi ola m'maganizo, m'mawu ndi m'zochita, kupempha chikhululukiro, kenako kutsimikiza chimene chisinthe. Mwa Asilamu muli chiphunzitso cha muhasaba, kumene ndi kudziwerengera munthu mwini monga mmene wamalonda amawerengera katundu ndi ndalama madzulo kuti adziwe ngati wapindula kapena waluza, ndipo mphunzitsi wina amene anamwalira ku Baghdad mu 857 anadziwika ndi dzina loti al-Muhasibi chifukwa cholimbikira mwambowu. Njira zonsezi zimakana mawu okuta ponseponse. Kuvomera kuti munthu aliyense ndi wochimwa n'koona koma sikupweteka, pamene kutchula tsiku, mawu amene ananenedwa ndi munthu amene anawamva ndiko kumatsegula maso.

Ayuda ndiwo anamangiriza kwambiri chaka chatsopano ku milandu ya pakati pa anthu. Chaka chawo chimayamba ndi Rosh Hashanah, mu Sepitembala kapena kumayambiriro a Okutobala, ndipo pamatsatira masiku olapa mpaka tsiku lakhumi, Yom Kippur, limene ndi tsiku lachitetezo. Aphunzitsi awo akale anagamula kuti tsikuli limafafaniza zimene munthu walakwira Mulungu, koma silifafaniza zimene walakwira mnzake kufikira atapita kukamupepesa. Chigamulo ichi chimatseka njira yothawira imene opemphera a zipembedzo zonse amaikonda, yokaulula kwa Mulungu mseri chinthu chimene chinachitikira munthu poyera. Yesu, amene anakulira m'chipembedzo chomwecho, anaphunzitsa zofanana m'mutu 5 wa Mateyu, pamene anaika kuyanjana ndi mbale patsogolo pa kupereka nsembe. M'chiphunzitsocho chidwi chili pa amene ali ndi chifukwa ndi wopempherayo, osati pa amene iye wawakwiyira. Mayina a amene anamulakwira aliyense amawasunga pamtima popanda kuvutika, koma mayina a amene iye anawalakwira amafuna kufufuzidwa.

Apa ndi pamene kudzidziwa kumasiyana ndi mmene ambiri amakuganizira. Pali maganizo akuti munthu weniweni ali mkati, wobisika, ndipo amapezeka mwini wake akakhala payekha n'kumvetsera mtima wake. Kukhala chete n'kofunika ndithu, koma mtima umakondera mwini wake, umakumbukira zolinga zabwino n'kuiwala zotsatira zake. Mbali yaikulu ya mbiri ya munthu m'chaka imasungidwa ndi anthu ena. Imasungidwa ndi wantchito wa pakhomo amene malipiro ake amachedwa mwezi ndi mwezi, ndi waganyu amene anapalira munda wonse n'kulandira kambale ka ufa chifukwa njala sinamulole kukana mtengo, ndi wokongola katapila, ngongole ya chiwongoladzanja chokwera kwambiri imene imalanditsa anthu mabedi ndi njinga, ndiponso ndi mkazi wamasiye amene anatsala m'nyumba yopanda mipando achibale a mwamuna atagawana katundu, ngakhale lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika mchitidwewu m'gulu la milandu. Anthu awa amadziwa zinthu zokhudza wopempherayo zimene iye sangazipeze ngakhale atasala kudya masiku ambiri. Pa kutha kwa chaka, munthu wofuna kudzidziwa angathandizike kwambiri podzifunsa kuti ndani amene m'miyezi yapitayi ankatsitsa mawu kapena kupatuka njira akamuona.

Palinso milandu imene sioneka ngati milandu chifukwa inachitika ndi chala chimodzi pa foni. Uthenga wonyoza mtundu wina kapena chigawo china, umene munthu anangoutumiza ku gulu la pa WhatsApp nthawi ya kampeni chifukwa unamuseketsa, unafika kwa anthu amene iye sadzawaona ndipo unawaphunzitsa kanthu za anansi awo. Komabe kudzisanthula si kudzida. Ignatius anaika kuthokoza poyamba pa chifukwa chomveka, pakuti munthu amene sakuona chabwino chilichonse pa moyo wake alibe poponda kuti ayang'ane choipa, ndipo amathawira ku kudzilungamitsa kapena ku kutaya mtima. Amene wayamba ndi kukumbukira munthu amene anamubwereka ndalama yokwerera basi, amene anadikirira naye wodwala m'chipatala, ndi adzukulu amene anakumba manda a mbale wake mvula ikugwa, amazindikira kuti moyo wake wasenzedwa ndi anthu ena, ndipo kuzindikira kumeneku kumamupatsa mphamvu yovomera mangawa ake.

Amene analumikiza tsiku loyamba la chaka ndi mtendere wa mayiko ndi Papa Paul VI. Mu Disembala 1967 analengeza kuti 1 Januwale likhale Tsiku la Mtendere pa Dziko Lonse, napempha kuti lisakhale la Akatolika okha, ndipo linakumbukiridwa koyamba mu 1968, nkhondo ya ku Vietnam ili pachimake ndiponso ya ku Biafra, m'dziko la Nigeria, itatha miyezi ingapo ikumenyedwa. Maziko ake anali kalata ya Pacem in Terris imene Papa John XXIII anatulutsa mu Epulo 1963, patangopita miyezi yochepa America ndi Soviet Union zitatsala pang'ono kuponyerana mabomba a nyukiliya pa mkangano wa ku Cuba. Kalatayo inaimika mtendere pa choonadi, chilungamo, chikondi ndi ufulu, ndipo mauthenga a chaka ndi chaka akhala akubwerera ku mfundo imeneyi. Wa 1972 unamangiriza mtendere ku ntchito ya chilungamo, ndipo wa 2002, umene John Paul II analemba zitangochitika zauchigawenga za pa 11 Sepitembala 2001, unawonjeza kuti chilungamo nachonso sichikwanira popanda kukhululuka.

Munthu woganiza ali ndi chifukwa chofunsira phindu la zonsezi. Papita zaka zoposa 50 tsikuli likukumbukiridwa, koma Russia inalowa ndi nkhondo mu Ukraine mu Febuluwale 2022, Sudan inagwa m'nkhondo yapachiweniweni mu Epulo 2023, nkhondo imene inatsatira chiwembu cha Hamas cha pa 7 Okutobala chaka chomwecho inasandutsa mizinda ya ku Gaza mabwinja, ndipo kum'mawa kwa Congo mfuti zakhala zikulira kwa zaka pafupifupi 30. Choopsa kwambiri n'chakuti kuchuluka kwa mapemphero sikuteteza mtundu ku kukhetsa mwazi. Mu 1994 anthu ochuluka kwambiri a ku Rwanda anali obatizidwa, koma m'masiku pafupifupi 100 anthu ngati 800,000 anaphedwa, ambiri a iwo ndi anansi awo, ndipo matchalitchi a Nyamata ndi Ntarama, kumene anthu anathawira poganiza kuti nyumba ya Mulungu iwateteza, lero ndi malo okumbukirira ophedwawo. Kwa zaka zambiri mawu onyoza Atutsi, amene ndiwo anadzaphedwa kwambiri, ankamveka m'nyuzipepala, pa wailesi ndi pa misonkhano, ndipo anthu ambiri opemphera ankawamva ngati zinthu wamba. Pemphero limene silimuunika mwini wake likhoza kukhalira limodzi ndi chidani mumtima umodzi kwa moyo wonse, ndipo aliyense wopempherera mtendere ayenera kuyamba waopa zimenezi asanadzitonthoze ndi nkhani zolimbikitsa.

Nkhani zolimbikitsazo zilipo, ndipo zikufanana pa chinthu chimodzi. Ku Leipzig, m'dziko limene linali East Germany, tchalitchi cha Nikolaikirche chinayamba mapemphero a mtendere Lolemba lililonse mu 1982, ndipo kwa zaka zambiri ankabwera anthu owerengeka. Pa 9 Okutobala 1989 anthu pafupifupi 70,000 anayenda m'misewu ya mzindawo atanyamula makandulo, asilikali ali tcheru, ndipo popeza palibe amene anatola mwala, boma linasowa chifukwa chowombera. Patatha mwezi umodzi khoma la Berlin linatseguka. Ku Liberia mu 2003 amayi achikhristu ndi achisilamu, motsogozedwa ndi Leymah Gbowee ndi anzake, ankavala zoyera n'kumakhala pa dzuwa ndi pa mvula ku Monrovia akupemphera, ndipo atatopa ndi kuzengereza kwa amuna okambirana ku Accra anakatseka makomo a holo ndi matupi awo. Kuti zimenezi zitheke, amayiwo anayamba athana ndi kukayikirana kwa pakati pa zipembedzo zawo ziwiri. M'malo onsewa pemphero linayamba lasula opempherawo, n'kuwaphunzitsa kugwira mkwiyo wawo popanda kuutaya kapena kuulola kuwalamulira.

Chitsanzo chimene chili pafupi kwambiri ndi cha Mozambique. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo inayamba mu 1977 ndipo inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, pamene oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi, moti m'boma la Nsanje othawa nkhondo anachuluka kuposa eni nthaka. Ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene m'malo ena msewu ndiwo malire a mayiko awiriwa, ambiri anafikira kwa abale awo m'midzi n'kugawana nawo minda, nkhuni ndi zitsime. Amalawi amakumbukira kuchereza kumeneku ndi kunyadira koyenera, koma kudzisanthula kwa mtundu kumafunanso kukumbukira kuti mu 1986 atsogoleri a mayiko oyandikana anafika ku Blantyre kudzadzudzula boma la nthawiyo kuti likulola Renamo kugwiritsa ntchito nthaka yake. Amene anakhalira pakati nkhondoyi sanali dziko lamphamvu ayi, koma gulu la Akatolika wamba la Sant'Egidio, limene Andrea Riccardi anayambitsa ku Roma mu 1968 ndi anzake a kusekondale, ndipo moyo wake unazikika pa pemphero la madzulo alionse ndi kutumikira osauka. Zokambirana zinayamba mu Julayi 1990, amkhalapakati ake ali Riccardi, wansembe Matteo Zuppi, Mario Raffaelli woimira boma la Italy ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira, ndipo pa 4 Okutobala 1992 Joaquim Chissano wa Frelimo ndi Afonso Dhlakama wa Renamo anasaina pangano la mtendere ku Roma.

Kungakhale kunama kunena kuti pemphero lokha ndilo linathetsa nkhondoyi. Mkangano wa America ndi Soviet Union unali utatha, boma la tsankho la South Africa limene linkathandiza Renamo linali likugwa, chilala cha 1992 chinasiya mbali zonse ziwiri zopanda chodyetsa ankhondo awo, ndipo anthu anali atatopa. Koma nthawi yoteroyo itafika panafunika malo amene adani awiri akanawakhulupirira, ndipo malo otero samangidwa m'sabata imodzi. Anamangidwa ndi anthu amene kwa zaka zambiri sanaiwale dziko limene ena onse anali ataliiwala, amene anatumizako chithandizo, nadziwana ndi mbali zonse, napirira miyezi 27 ya zokambirana zodukaduka. Gulu la Sant'Egidio lili ndi mwambo wa pemphero la mtendere la mwezi ndi mwezi mmene mayina a mayiko amene muli nkhondo amawerengedwa limodzilimodzi, ndipo apa pakuoneka ntchito yeniyeni ya pemphero lotere, imene ndi kusunga chidwi pamene nyuzipepala zasamukira kwina. Nkhondo itatha, mipingo ya ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican, inayamba mu 1995 kulandira mfuti zobisidwa n'kupereka makasu, njinga ndi makina osokera m'malo mwake, chifukwa pangano la ku Roma silikanatha lokha kutulutsa mfuti pansi pa mphasa ya munthu.

Malawi sanakhalepo ndi nkhondo yapachiweniweni chilandirire ufulu, koma nkhondo za ena zakhala zikumupeza. Mu Sepitembala 1914 asilikali a Britain ndi a Germany anamenyana ku Karonga, ndipo m'zaka zotsatira amuna ochuluka zedi anatengedwa ngati atengatenga, onyamula katundu wa ankhondo pamutu, ambiri n'kufa ndi njala ndi matenda pa mkangano umene sanaudziwe chiyambi chake. John Chilembwe, amene amakumbukiridwa pa 15 Januwale, analemba kalata mu Novembala 1914 yodandaula kuti osauka a dziko lino akufera nkhondo ya eni chuma, ndipo patangopita miyezi iwiri iye mwini anatenga zida, chinthu chimene chikusonyeza kuti dandaulo lachilungamo likapanda kumvedwa limafuna njira ina. Mu Novembala 2018 asilikali 6 a Malawi anafa pafupi ndi Beni ku Congo pa ntchito yosungitsa mtendere, ndipo mmodzi wa iwo, Chancy Chitete, amene anaphedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, anapatsidwa ulemu wapamwamba wa United Nations mu Meyi 2019. Nkhondo ya ku Ukraine nayo inafika m'minda ya chimanga kudzera mu mtengo wa feteleza. Anthu akale anati mnzako akapsa ndevu mzimire, ndipo m'dziko lolumikizana chonchi palibe moto umene uli kutali kwenikweni.

Malo amene amayesa bwino pemphero la Amalawi ndi Dzaleka, m'boma la Dowa. Msasawu unatsegulidwa mu 1994 ndipo lero mukukhala anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, pa malo amene anakonzedwera anthu ochepa kwambiri kuposa pamenepo. Nkhondo zimene zimapemphereredwa usiku wa Nyuwere zili ndi anthu ake pamenepa, ndipo munthu amene amapempherera Congo koma n'kukondwera pamene wothawa kwawo watsekeredwa golosale ali ndi funso loti adzifunse. Dzaleka yomweyi, isanakhale msasa, inali ndende ya andale m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene mawu oti bata ndi mtendere ankamveka pa wailesi tsiku ndi tsiku. Bata limenelo linali la mantha, ndipo linayamba kusweka pa 8 Malichi 1992 pamene kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, n'kutchula poyera malipiro opanda chilungamo, kumangidwa popanda mlandu ndi kutsekedwa pakamwa. Kalatayo inatuluka m'nyengo ya Lenti, nyengo yodzisanthula, ndipo ambiri pa nthawiyo anaitcha yosokoneza mtendere, koma ndiyo inatsegula njira ya riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi kusintha kwa boma popanda nkhondo.

Phunziro limeneli limagwiranso ntchito m'banja, ndipo apa pakufunika kusamala kwakukulu. Kuyanjana sikutanthauza kumuuza mayi amene akumenyedwa kuti apirire kuti banja lilowe chaka mwamtendere, pakuti nkhanza za m'banja ndi mlandu pa lamulo la 2006, ndipo mtendere umene umagulidwa ndi kukhala chete kwa wovutikayo ndi wofanana ndi bata la Dzaleka yakale. Kukhululuka sikungalamulidwe ndi wolakwa kapena ndi ankhoswe. Ndi mphatso imene wolakwiridwa amapereka pa nthawi yake, ndipo ali ndi ufulu woyamba waona ngati khalidwe lasinthadi. Chimene chili m'manja mwa wodzisanthulayo ndi mbali yake yokha, ndipo mwambo wa kumudzi uli ndi njira yodziwika yoyendetsera mbali imeneyi. Wolakwa sangofika yekha ndi mawu okoma, koma amatuma mkhalapakati, kaya ankhoswe, anyakwawa kapena mkulu wa mpingo, amavomera mlandu moutchula, amapereka chipepeso monga nkhuku kapena mbuzi molingana ndi kukula kwa nkhani, ndipo chimene chinalandidwa chimabwezedwa mboni zikuona.

Nthawi zina wolakwiridwayo amakana, ndipo nthawi zina anamwalira kale. Aphunzitsi achiyuda aja analingalira zonse ziwiri: anati wopepesa abwerere mpaka katatu asanaleke, ndipo ngati mnzakeyo anafa, avomere mlanduwo pamaso pa anthu khumi n'kubweza chuma kwa olowa m'malo ake. Ngongole siifa ndi mwini wake, chifukwa ana a wamasiye uja alipo ndipo sukulu ikufuna fizi. Pa mkangano wa malire a munda, umene ndi gwero la udani wambiri m'midzi, kubweza kumatanthauza kuitana anyakwawa ndi mboni za mbali zonse ziwiri, kuvomera pamaso pawo mizere imene inalowa kwa ena, ndi kugwirizana za chimanga chimene chamera kale pamenepo, popeza mbewu zili m'nthaka ndipo mabanja onse awiri akuzidalira kuti adzadye chaka chino.